Malata a Nasibeko ndi Mapazi a Mfumu

Ufumu wa Ndavomera ndi dziko limene munthu sakana kanthu, makamaka kakachokera kumpanda. Ana a kumeneko amaphunzira kugwedeza mutu asanaphunzire kukwawa, ndipo ena amati ngakhale mbuzi zake zikamapita kokaphedwa zimatsogola zokha, mwini chingwe akutsatira pambuyo. Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Chikondamanja, munthu wosaipa mtima kwenikweni, koma wodwala nthenda imodzi. Akapanda kumva anthu akumuombera m'manja, chakudya sichinkatsika kukhosi.

Kuseri kwa phiri, kutali ndi likulu, kunali mudzi wotchedwa Kachete. Unali mudzi wotentha, wodzaza nthochi ndi mango, ndipo kumtunda kwake kunali mathithi ataliatali amene eni mudzi sankawaona ngati chinthu chodabwitsa. Kwa iwo kunali kochapira zovala basi.

M'mudzimo munkakhala Nasibeko, mkazi wa a Lufeyo, mayi wamfupi, wapakamwa pakuthwa, woweta nkhumba. Mayiyu ankafuna chinthu chimodzi chokha pansi pano: kumva mvula ikugwa pa malata a nyumba yakeyake. Phokosolo analimva koyamba kuchipatala tsiku limene anabereka mwana wake wachisamba. Mvula inakhuthuka padenga la chipatalacho, ululu wonse unaiwalika, ndipo iye analumbira mumtima kuti sadzafa asanalimve kwake. A Lufeyo, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, ankangoti zidzatheka. Choncho Nasibeko anaweta nkhumba zaka ndi zaka, akuzitchula mayina a malata zikadali m'khola.

Zinthu zinatembenuka pamene mlendo wina wa chipewa chachikulu anasochera n'kutulukira ku Kachete. Anapeza Nasibeko akusinja chimanga pansi pa mtengo wa mango, mathithi akuoneka kumbuyo kwake, ndipo anamujambula. Nasibeko anamuphera nkhuku monga mwa mwambo, n'kumuperekeza mpaka pa mlatho. Akanadziwa akanangomupatsa madzi akumwa n'kumulozera njira. Chithunzicho chinayenda m'mafoni a dziko lonse lapansi, ndipo pasanapite nthawi kunabwera galimoto, kenako basi, kenako mabasi ondondozana osaoneka kothera kwake.

Mbiri itafika kumpanda, Mfumu Chikondamanja inavina osadikira ng'oma. Inakhazikitsa Unduna wa Zokopa Alendo n'kuupereka kwa a Zilibwino, bambo amene anakwera maudindo onse chifukwa chosanenapo chibadwire kuti kanthu kena kalakwika. Bwalo la nduna linakhala pansi n'kutulutsa Lamulo la Mlendo, ndipo pofuna kuti wina asanamizire kusadziwa, analiika m'nyimbo yoimbidwa pa wailesi m'mawa ndi madzulo, mpaka ana analiloweza kuposa pemphero la chakudya. Lamulolo linkati mlendo sakanizidwa khomo lililonse la mu ufumu wa Ndavomera, chimene wafuna kuona aone, ndipo chimene sanaonetsetse chibwerezedwe. Linkatinso mudzi wa Kachete, umene tsopano unapatsidwa dzina loti Taonedwa, ukhale monga unalili m'masiku a makolo. Nsapato ayi, zigubu ayi, mafoni ayi, malata ndiye ayi weniweni.

Tsoka silinunkha. Lamulolo linafika sabata yomwe malata a Nasibeko anafika pa ngolo, nkhumba zonse zitathera pomwepo. Mayiyo anawayang'ana akunyezimira pabwalo, anayang'ana asilikali a unduna akubwera poteropo, ndipo anawalowetsa m'nyumba msangamsanga n'kuyalapo mphasa. Kuyambira pamenepo banjalo linkagona pamwamba pa denga lawo. A Lufeyo akatembenuka, nyumba yonse inkagunda, ndipo anyamata omasulira ankauza alendo kuti imeneyo ndi ng'oma ya mizimu, imene imalira yokha mwini nyumba akalota makolo.

Moyo wa ku Taonedwa unasanduka sewero losaweruka. Nasibeko, poti ndiye mayi wa pachithunzi, analamulidwa kusinja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chimanga chitatha anayamba kusinja gaga, gaga atatha ankangomenya mtondo wopanda kanthu, ndipo alendo ankatsinzina n'kumati kamvekedwe kake n'kamtendere. A Lufeyo anawakhazika pansi pa mtengo kuti azisema mpini, ndipo mpini womwewo anausema mpaka unatsala ngati mthiko. Kumunda kunalibe wopitako. Khasu linkagwiridwa pojambulitsa basi.

Poyamba anthu ankaphera mlendo aliyense nkhuku, mpaka tambala womaliza anaona kuti zafika posauzana, nathawira kuphiri, ndipo mudzi unayamba kudzutsidwa ndi mahutala a mabasi. Mwambo woperekeza mlendo mpaka pa mlatho sanausiye, chifukwa kusiya mlendo achoke yekha n'kutukwana amayi ako amene anakulera. Ndiye anthu ankatha tsiku akupita ndi kubwerera pa mlathopo, akukumana okhaokha panjira n'kumafunsana kuti wako ndi uti. Amati mlendo sathyola mphasa, koma amene ananena mawuwo sanaone mabasi.

Tisawanamizire alendowo, sanali anthu oipa. Ankamwetulira mpaka usinini kuonekera, ankapatsa ana maswiti, ndipo anaphunzira liwu limodzi la kumeneko, loti odi, kungoti ankalinena atalowa kale. Ankasuzumira m'nkhokwe, m'miphika ndi m'bafa. Kumsika ankajambula tomato wa Nangondo, mnzake wa Nasibeko, kuchokera mbali zonse, n'kumusisita, n'kumununkhiza, n'kumubwezera pa mulu, moti pofika madzulo tomatoyo ankakhala atatopa kuposa mwini wake. Achinyamata omasulira okha ndi amene ananenepa. Mwala uliwonse wa m'mudzimo anausandutsa mpando wa mfumu yakale, ndipo chulu chimene ana ankakodzerapo chinakhala malo opatulika.

Chimene anthu sanaseke nacho chinali cha pa maliro, a Lufeyo atataya achimwene awo. Alendo anadzaza pasiwa, anapempha kuti nyimbo ina ibwerezedwe, ndipo amayi anaibwereza akulira zenizeni. Pobwera kumanda, mlendo wina amene basi yake inachedwa anaima pamaso pa a Lufeyo n'kufunsa kudzera mwa womasulira, mwaulemu ndithu, kuti maliro otsatira adzakhalako liti. A Lufeyo anayang'ana pansi n'kuyankha kuti afunsafunsa. Sanaitchulenso nkhaniyo, koma Nasibeko ankaona kuti yawakhala pamtima.

Chilimwe chinafika pachimake, mitambo inayamba kudera kuseri kwa phiri, ndipo Nasibeko anayamba kuyang'anayang'ana kudenga. Denga lake laudzu linali litatha. Udzu wofolera kudambo kunalibe, chifukwa wonse unamwetedwa kukafolera nyumba zogonamo alendo za a Zilibwino, zimene akalipentala ankanong'ona kuti pansi pa udzuwo pali malata okhaokha. Choncho a Zilibwino atabwera kumsika wa Taonedwa kudzatsegulira chimbudzi chatsopano cha alendo, chimene eni mudzi ankaloledwa kuchiona ali kunja, Nasibeko anadikira kuti mawu awo athe. Anatenga nthawi, chifukwa ndunayo inathokoza Mfumu chifukwa cha mathithi, chifukwa cha mango, ndi chifukwa cha kutentha. Itatha, mayiyo anagwada.

"Zikomo Wolemekezeka," anatero. "Denga langa mukuliona nokha, nkhuku ikhoza kudutsapo osagunda phiko. Udzu kulibe. Malata ndili nawo, ndikugonera. Ndikhome?"

A Zilibwino anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso la mwana. "Mayi, dontho la mvula logwera pa mphasa ndi chikhalidwe chathu. Anthu akukwera ndege kudzaona dontho limenelo, inu mukufuna kulitsekera kunja? Zonse zili bwino. Ndipo musaiwale mawu a mwini dziko: alendowa ndi mapazi a Mfumu. Akakuyenderani, dziwani kuti yakuyenderani ndi Mfumu."

Anthu anaomba m'manja, poti kunali ku Ndavomera. Nasibeko nayenso anaomba, koma pang'onopang'ono, maso ali kutali. Galimoto ya nduna itachoka, anapita pa benchi ya Nangondo n'kukhala pansi ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Mnzanga, tachita manyazi," anatero mokweza kuti msika wonse umve. "Mwamva nokha. Mfumu yakhala ikutiyendera m'mawa ndi madzulo, yatidyera nkhuku zonse, yatisuzumira m'bafa, yatikhuzira maliro. Ife osabweza phazi ngakhale kamodzi. Tinaleredwa kuti ife?"

Nangondo anamuyang'ana, anayang'ana tomato wake wotopa uja, ndipo anaphimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anavomereza kuti zoonadi, chibale n'kuyenderana, ndipo kudyera mnzako ulendo osabweza ndi khalidwe la galu.

Apa mpofunika kuwadziwa anthu a ku Ndavomera. Mukawauza kuti tiyeni tikatsutse lamulo, aliyense amakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Koma mukawauza kuti asowa ulemu, amadzuka ndi odwala omwe. Nkhaniyo inayenda kuchoka pa tomato kupita pa usipa, kuchoka pa usipa kupita kwa ometa, ndipo pofika madzulo panalibe munthu m'mudzimo amene sankamva manyazi, ena akumva zenizeni, ena akumva uku akuseka.

M'mawa mwake anafukula mafoni m'nkhokwe, anatsitsa nsapato kudenga, ndipo anaperekeza alendo a tsikulo mpaka pa mlatho monga mwa masiku onse. Kungoti ulendo uno sanabwerere. Anapitirira, amayi ndi ana kumsana, madoda ndi ndodo, mbuzi zochepa zokapereka moni. Malata sakanasiyidwa m'nyumba imene khomo lake silikaniza munthu, choncho anawagawana, aliyense lake pamutu, ndipo mzere wonsewo unkang'anima ndi kugunda panjira moti midzi ina inayamba kuanula zovala poganiza kuti mvula yafika. Alendo amene anafika ku Taonedwa tsiku limenelo anapeza mtondo uli wokha pansi pa mango, ndipo anaujambula chomwecho.

Likulu la ufumuwo linkatchedwa Pakhuta. Pachipata cha mpanda asilikali anapingasa mikondo, ndipo mkulu wawo anafunsa kuti khamu lonseli likufuna chiyani. Nasibeko sanakangane naye. Anangoyambitsa nyimbo ya pa wailesi ija, mudzi wonse n'kuvomera: mlendo sakanizidwa khomo lililonse, lililonse, lililonse. Mkulu wa asilikaliyo, amene ankaiimba yekha posamba, anapezeka akugwedeza phazi. Anaganiza za khomo limene ankalondalo, anaganiza za liwu loti lililonse, ndipo anatsegula.

Mfumu itamva kuti mudzi wathunthu wabwera kudzaiona, inatuluka pakhonde itavala suti ya mabatani agolide, ndipo anthu anaiombera m'manja mpaka akhwangwala anathawa padenga. Chimwemwe chake chinali chosaneneka. Inalamula kuti mlendo aliyense apheredwe nkhuku, ndipo anthu a ku Taonedwa, amene anali ataiwala kuti nkhuku ili ndi mbali zingati, anadya mwakachetechete, misozi ili m'maso. Koma walira mvula walira matope.

Kutacha, Mfumu potsegula maso inapeza mawindo onse adzaza nkhope. Inamva odi anthu ali kale m'chipinda. Inayasamula, ndipo Nangondo, amene foni yake inachedwa kuyaka, anapempha mwaulemu kuti iyasamulenso. Lamulo ndi lamulo, ndipo linali lake lomwe. Inayasamula mobwerezabwereza mpaka nsagwada zinawawa, chifukwa nthawi iliyonse pankapezeka wina amene anatchingidwa ndi mutu wa mnzake.

Itavala suti, Nasibeko anagwada n'kudandaula kuti mudzi wakhumudwa pang'ono. Anati ayenda mtunda wautali kudzaona mfumu yeniyeni ya masiku a makolo, osati munthu wooneka ngati wogwira ntchito kubanki. Suti inavulidwa. Anatsitsa chikopa cha kambuku chimene chinkakongoletsa khoma, chodzaza fumbi ndi tizilombo toluma, n'kuiveka. Nsapato nazo zinachoka, ndipo anthu anaunjikana kudzaona mapazi a Mfumu enieni, amene chilowere ufumu anali asanapondepo dothi. Anali oyera ndi ofewa ngati chinangwa chosenda, ndipo amayi ena anapempha kuwagwirako.

Pa chakudya anaizungulira n'kumatsatira nthongo iliyonse kuchoka m'mbale mpaka kukhosi, akusirira mmene kholingo lachifumu limayendera. Posamba, madoda anaima pakhomo la bafa n'kumatsutsana ngati mfumu imayamba mutu kapena miyendo, mpaka anatuma mmodzi kukaonetsetsa. Ana ankaithamangira kulikonse akukuwa moni. Mnyamata wina womasulira, poti dzanja lozolowera silimva, anayamba kufotokozera anzake kuti mtsamiro wa Mfumu unasokedwa ndi ndevu za adani. Mfumukazi inalongedza katundu n'kupita kwa makolo ake, ikuti ikaone odwala amene sanatchulidwe dzina. Masiku anapita, nkhuku za kumpanda zinatha, ndipo alendowo sankaonetsa chizindikiro chilichonse chotsanzika. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linkawapeza n'kuwasiya.

Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna mwadzidzidzi. Anthu a ku Taonedwa analowa nawo n'kukhala m'mbali mwa khoma, akusenda mtedza. Mwambo wa bwalolo unali woti likangotha pemphero lotsegulira nduna zigone mpaka nthawi yoomba m'manja, ndipo ngakhale zinayesetsa kukhala maso chifukwa cha alendo, nduna ya zamalimidwe inalephera. Nangondo anafunsa monong'ona, koma momveka bwalo lonse, ngati amagona chonchi masiku onse kapena akungowachitira iwo monga alendo. A Zilibwino anaimirira n'kunena kuti zonse zili bwino. Anthu anakondwera nawo mawuwo n'kupempha kuti abwerezedwe, ndipo anabwerezedwa mpaka mawu a ndunayo anasasa n'kutsala mpweya wokha.

Pamenepo a Lufeyo anakhwekhwereza mawondo mpaka pakati pa bwalo, naomba m'manja mwaulemu wonse.

"Zikomo mwini dziko," anatero. "Taona kudya kwanu, taona kusamba kwanu, takhutira. Koma anzathu ena sanaonepo maliro achifumu. Ndiye ndimati ndifunse nawo kuti otsatira adzakhalako liti, kuti tisadzachedwe."

Mtedza unasiya kusendedwa. Nduna ya zamalimidwe inadzuka yokha. Mfumu inagwira pamtima pake, pamene chikopa cha kambuku chinkayabwa, n'kufunsa kuti ndani anaphunzitsa munthu wamkulu ngati ameneyu funso lopanda umunthu chotere.

"Mapazi anu, mwini dziko," anayankha a Lufeyo. "Anandifunsa ndikuchokera koika achimwene anga."

Mfumu Chikondamanja inayang'ana mapazi ake osavala aja. Inachita manyazi, manyazi enieni, ngakhale sanakhalitse, poti manyazi a mafumu sachedwa kupola. Kufafaniza lamulo sikukanatheka, chifukwa ku Ndavomera mfumu silakwa. Kuthamangitsa alendo sikukanathekanso. Njira inatsala imodzi yokha, ya makolo: mlendo amatsanzika yekha akalandira kamba wa panjira. Choncho Mfumu inafunsa, maso ali kudenga, kuti kodi alendo ake olemekezeka angakonde kamba wotani.

Nasibeko analoza pawindo. Pabwalo la mpanda malata ake anali ataunjikidwa bwinobwino, mbuzi zachifumu zikudumphapo.

A Zilibwino anagwa pansi n'kuchonderera ndi manja, poti mawu analibe, kuti malata akadzaza mudzi alendo adzathawa. Bwalo linapeza nzeru. Anaitana akatswiri a mbiri yakale, ndipo dzuwa lisanapendeke akatswiriwo anatulukira kuti malata ndi mwambo wakalekale wa ku Ndavomera, kuti mfumu yoyamba inabadwira pansi pa malata, koma kuti m'mudzi uliwonse munkakhala nyumba yamalata imodzi yokha. Mwamwayi, ya ku Taonedwa inkaima pamalo pomwe pali nyumba ya Nasibeko. Ena onse anapatsidwa ufulu wovala nsapato mabasi asanafike ndi wotunga madzi m'zigubu alendo akayang'ana kumbali. Anaomba m'manja n'kuvomera, ena akung'ung'udza kuti ayenda ulendo wonsewu kudzafolera nyumba ya mnzawo, koma Nangondo anawakumbutsa za nkhuku zimene anadya.

Panatsala kuperekeza. Mwambo umati woperekeza sabwerera mpaka mlendo atanena kuti bwererani pano. Mfumu inatuluka pachipata ndi mapazi ake a chinangwa aja, chikopa chili paphewa, ndipo Nasibeko, mayi wosaiwalaiwala, tsiku limenelo anaiwala kunena mawuwo. Anadutsa msika wa Pakhuta, anthu akutuluka m'masitolo kudzaona. Anadutsa pamene phula limathera. Mayiyo anakumbukira atafika pa chitunda cha miyala yosongoka, dzuwa lili pamutu, ndipo anapepesa kwambiri chifukwa cha kuiwalako.

Malata anakhomedwa mitambo itatsika kale mpaka pa phiri. Mudzi wonse unathandiza, a Lufeyo akupereka misomali, ndipo panatsala lata limodzi limene analitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Nasibeko anazungulira nyumbayo mobwerezabwereza, akuseka yekha ngati mtsikana. Sanasamale ngakhale pamene a Zilibwino, mawu atabwerera, analengeza pa wailesi kuti ku Taonedwa kwapezeka nyumba yamalata ya makolo, imodzi yokha, ndipo mabasi anawonjezeka.

Mvula inabwera masana ena, mphepo itayamba yanunkhiritsa dothi. Nasibeko anataya munsi, anathamangira m'nyumba, anaika mpando pakatikati, anakhala pansi n'kupinda manja. Dontho loyamba linagunda padenga. Lachiwiri. Mayiyo anatsinzina.

"Odi," anatero munthu wina ali kale m'nyumba.

Nyumba zina zonse za m'mudzimo zinkadontha monga mwa chikhalidwe, ndipo alendo, amene anakwera ndege kudzaona dontho, sanafune kuti liwagwere. Anathamangira ku nyumba imodzi yokha ija. Analowa ndi zipewa zawo, zikwama zawo ndi odi wawo, akumwetulira, akupepesa, akusasa madzi. Nasibeko anapereka mpando kwa mayi wina wachikulire, chifukwa ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, amayi ake sanamulere kuti akhale pampando mlendo ataima. Anasunthira kukhoma. Anasunthira kukhomo. Anasunthira pakhonde, ndipo pakhonde patadzaza anapezeka ali pabwalo, mvula ikumutsikira m'khosi. M'nyumbamo alendo ankafuula mokondwa, akulozerana kudenga, akujambula phokoso.

Nasibeko anaima pamenepo manja ali lende, ndipo kunena zoona anafuna kulira. Nkhumba zonse zija, ulendo wonse uja, mapazi a Mfumu pa miyala, zonsezo kuti adzamvere mvula yake ali panja ngati mbuzi.

Kenako anamva chinthu chikugunda kuseri kwa nyumba. Anatulukira a Lufeyo, atanyowa mpaka mafupa, akukoka lata lotsala lija. Analiimika, anagwira mbali imodzi n'kumuuza mkazi wawo kuti agwire inayo, poti mutu umodzi susenza denga. Analikweza pamwamba pa mitu yawo, pakati pa bwalo, matope akufika m'akakolo.

Mvula inalira pa latalo, pafupi penipeni, pamwamba pa makutu. Linali phokoso lomwe lija la kuchipatala, kungoti lalikulu kuposa mmene ankalikumbukira. Nasibeko anayamba kuseka, a Lufeyo nawonso anaseka, koyamba chiikire achimwene awo, ndipo lata linkagwedezeka ndi kuseka kwawo.

Kumbuyo kwawo kunafika mlendo wina wamtali amene anasowa malo m'nyumba. Anawerama n'kusuzumira pansi pa latalo, madzi akuchucha pa chipewa, ndipo pakamwa pake panaoneka kuti pakutuluka liwu lija. A Lufeyo anagunda mkazi wawo ndi chigongono n'kumukuwira m'khutu kuti kukuoneka ngati kuli odi.

Nasibeko sanatembenuke. Anatsitsa lata pang'ono mbali ya mlendoyo, anatsinzinanso, n'kukuwa mokoma mtima:

"Sindikumva kanthu, bambo. Malata akusokosa."